Utsi Watha, Lowetsani Mbaula

Chisanu cha Juni ndi Julaye chikafika, pamene chiperoni chakuta mapiri a Thyolo ndi Mulanje, ndipo ku Dedza madzi a mumtsuko akuluma mano m'mamawa, pamakhala mawu amodzi omveka m'makomo ambiri dzuwa litalowa, amene ine ndimawaopa koposa kulira kwa kadzidzi: "Utsi watha, lowetsani mbaula." Wonena mawuwa ndi mayi wokonda ana ake, wosafuna kuti agone akunjenjemera, ndipo n'chifukwa cha chikondi chomwecho kuti ndalimba mtima kulankhula naye poyera sabata ino.

Zaka zapitazo ndidagona kwa mlongo wanga ku Dedza, m'nyumba yatsopano ya njerwa zootcha ndi malata, imene mabowo ake a mpweya adawatseka ndi sanza kuti mphepo isalowe. Titadya nsima tidaotha makala ofiira psuu, osafuka ndi pang'ono pomwe, ndipo tidagona mbaula ili pakona. Pakati pa usiku kamwana ka mlongo wangayo kadandigwedeza, nkuti, "Amalume, mutu," kenaka kadasanza pamphasa. Poti ndidzuke, miyendo idakana, nyumba nkumazungulira. Alamu anga adachita kukwawa kukatsegula chitseko. Mlongo wanga adati ndi malungo. Koma kodi malungo adayamba agwirapo anthu asanu pa ora limodzi, nkuwasiya onse atangotuluka pabwalo?

Utsi, ngakhale timaudandaula, ndi mdani woona mtima, pakuti umatsokomoletsa, umaliza maso, ndipo umakuthamangitsa m'nyumba usanakuphe. Koma makala, nkhuni, palafini kapena petulo zikamayaka pamalo pochepa mpweya, zimabala mpweya wina umene ophunzira amautcha carbon monoxide, wopanda mtundu, wopanda fungo, wosayabwa pakhosi. Ndipo makala ofiira aja, amene timati apsa bwino, amautulutsa kufikira atasanduka phulusa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu koposa okosijeni kuwirikiza 200 ndi kupitirira, kotero kuti magazi, ngakhale akuyenda monga mwa masiku onse, amafika ku ubongo ndi kumtima chimanjamanja. Wamaso amamva litsipa, chizungulire, mseru ndi kufooka. Wam'tulo mwina sadzuka konse.

M'zaka za m'ma 1890, katswiri wa ku Scotland, John Scott Haldane, atafufuza imfa za m'migodi ya malasha, adalangiza kuti anthu azitsika ndi tinyama tating'ono tofooka msanga ndi mpweyawu, ndipo timbalame ta m'zikwere tidatumikira m'migodi ya ku Britain mpaka 1986. Kambalame kakagwa, amuna ankathawa. M'nyumba zathu mulibe kambalame kotere. Woyamba kugwa ndi khanda, mayi woyembekezera pamodzi ndi mwana wa m'mimba mwake, kapena agogo odwala mtima.

Makolo athu ankagona ndi moto, wina adzatero. Indedi, koma nyumba ya udzu inkapuma yokha m'denga ndi m'mipata ya pamwamba pa khoma, pamene ife tamanga za simenti ndi magalasi, tazitseka ngati botolo, koma mwambo wa moto taulowetsa momwemo osausintha. Ndipo chimene chimandiwawa koposa n'chakuti banja likapezeka m'mawa litauma lopanda bala, anthu amathamangira kuloza chala ndiwo za dzulo kapena nkhalamba ya kuseri kwa mudzi, mbaula ili chete pakona, phulusa lake likadali lofunda.

Tsono mbaula iotheredwe pakhonde, ndipo isagone m'nyumba ngakhale zenera litatsekulidwa pang'ono; sanza zichoke m'mabowo; jenereta, magetsi akazima, ilire panja kutali ndi mazenera, pakuti kuibisa m'khichini poopa akuba ndiko kugula chuma ndi moyo wa ana. Anthu angapo akadwala mutu nthawi imodzi, tsegulani zitseko, atulutseni onse, wokomoka musamumwetse mkaka kapena china chilichonse, thamangirani kuchipatala, ndipo mukanene mosabisa kuti munagona ndi makala, kuti adokotala adziwe msanga zopereka okosijeni. Amene ali ndi ndalama agule kachipangizo kolira kakamva mpweyawu. Abale athu a ku Johannesburg, okhala m'tizipinda ta malata m'chisanu choposa chathu, tiwauzenso tikamaimba foni, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndisanasiye cholembera ndikumbuke mlonda, amene usiku wonse amakhala m'kanyumba ka pageti, kochepa ngati nkhokwe, chitseko chotseka, mbaula pakati pa miyendo. Inu mabwana amene mumagona m'mabulangete awiri iye akulondera chuma chanu, mugulireni jasi lochindikala ndi chipewa mwezi uno, ndipo usiku wa lero tulukani mukaone ngati kanyumba kake kali ndi zenera lotseguka.