Ndowa mumalola, liwiro mukuletseranji?

Inu amene mumagwira pakamwa mukaona mayi woyamwitsa akuthamanga pamsewu mbandakucha, nkhani ya sabata ino ndi yanu. Mawu anu timawadziwa: "Ntchembere yonseyi kumadumphadumpha, manyazi ilibe? Mkaka uuma, chiberekero chitsika." Chabwino, tiyeni tiwerengerane.

Pitani ku Nsaru, ku Kabudula, ku Nambuma kapena ku Mpingu. Mayi akangotuluka m'chikuta, sipatenga nthawi ndowa ya malita 20 ili pamutu kuchokera kumjigo. Amenewo ndi makilogalamu 20, mwana ali kumsana. Mawa lake kuchigayo, mkuja kukapalira mtedza, kenako ulendo wapansi kusikelo. Pamenepo mumati chiyani? Mumati ndi mkazi wolimba, banja analimvetsa. Za chiberekero simukumbuka n'komwe.

Komatu pobereka, minofu ya m'chiuno imene imagwira chikhodzodzo ndi chiberekero imatamuka, ndipo kusenza zolemera isanachire n'kumene kumaipweteka. Ikanakhala nkhawa yanu ndi thanzi lake, mukanayamba mwamulanda ndowayo. Chimene chimakuwawani n'china: pakuti thukuta la kumjigo limapindulira inu, pomwe la pamsewu ndi lake yekha. Mkazi akatopa chifukwa cha ena ndi ulemu, akatopa chifukwa cha iye mwini ndi chipongwe, eti?

Mpikisano wa marathon ndi makilomita 42.195. Kuchoka mumzinda wa Lilongwe kutsata msewu wa ku Mchinji, mtundawo ukakusiyani mutayandikira ku Namitete. Si masewera, koma amayi obereka anaugonjetsa kale. Paula Radcliffe wa ku Britain anabereka mu January 2007, n'kupambana marathon ya ku New York mu November chaka chomwecho. Mary Keitany wa ku Kenya anali ndi ana awiri pamene mu 2017 anathamanga maola 2, mphindi 17 ndi sekondi imodzi ku London, liwiro limene panthawiyo linali loposa onse pa mpikisano wa amayi okhaokha. Nanga si ife tomwe amene mpira wa manja tinautcha ntchemberembaye? Pabwalo timaimbira nthungululu, pamsewu tikunyoza.

Musamve ngati ndikuti mayi adzuke pamphasa n'kuliyatsa liwiro. Ayi ndithu. Radcliffe yemweyo anafulumira kuyambiranso, fupa la m'munsi mwa msana linachita mng'alu, n'kukhala kaye pansi. Thupi lili ndi nthawi yake. Mayi akaonedwe kuchipatala pakatha masabata 6, kaya ku St Gabriel ku Namitete, kaya ku Kabudula, ndipo afunse anamwino mosabisa. Akatswiri a zolimbitsa thupi ku Britain analangiza mu 2019 kuti kuthamanga kudikire mpaka patatha pafupifupi miyezi itatu. Poyamba n'kuyenda ndawala, kenako kuyenda mosinthana ndi kuthamanga pang'ono, mtunda kumawonjezera mwakachetechete. Wa opaleshoni asamale koposa. Mkodzo ukamadontha, magazi akabwerera, m'chiuno mukamalemera kapena kupweteka, aime abwerere kuchipatala. Za mkaka zija, kuthamanga mwa muyezo sikuumitsa bere. Mayi adye mokwanira, amwe madzi, ayamwitse asananyamuke, basi.

Ndiye taonani pamene tapotoza. Masabata oyambirira, pamene mayi afunika kupuma, timamutuma. Miyezi ikapita, pamene thupi lalimba ndipo akufuna ola limodzi lake, timamuletsa. Chilichonse chili chadodolido.

Abambo, mutu umodzi susenza denga. Njinga imene imanyamula mabelo a fodya siingalephere zigubu ziwiri za madzi. Kulera khanda ola limodzi sikuchotsa ndevu. Apongozi ndi anamkungwi, malangizo anu amamveka kuposa a wailesi, ndiye muwonjezerepo awa: mwana wathu achire kaye, akachira athamange.

Tereza Master anaimira Malawi pa marathon ya Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016. Atsikana a miyendo ngati yake alipo m'midzi yathu, koma ambiri timawataya tsiku limene abereka mwana woyamba, osati chifukwa thupi lakana, koma pakamwa pathu. Mukakumana naye mawa akupuma wefuwefu pamsewu wafumbi, musamufunse kuti mwana wamusiyira ndani. Funso limenelo bambo ake akakhala pabawo simuwafunsa. Mupatukireni adutse.