ALENDO ATAPITA

Okondedwa awerengi, moni wa mwezi uno ucokera kutali, mu mzinda wa Manchester ku Mangalande, kumene ndakhala miyezi inai tsopano pakhomo pa mwana wanga wamkazi amene agwira nchito ya unamwino.

Cifikire sindinapume. Pa 24 Okutobala anthu a ku Zambia okhala kuno anasonkhana kukumbukira ufulu umene dziko lathu linalandira mu 1964. Pambuyo pake kunadza ubatizo wa mdzukulu wanga, ukwati ku Leeds, maliro ku Birmingham, kenaka maphwando a Khirisimasi ndi Caka Catsopano. Itamveka mbiri yakuti kwabwera munthu wamkulu wocokera kumudzi, aliyense anafuna kuti ndikadye nsima kwao, kotero kuti ndadya kapenta wambiri kuno kuposa amene ndidya ku Chipata. Sindidandaula ai. Abale athu kuno agwira nchito usana ndi usiku, ndipo kusonkhana kotere ndiko kuwakumbutsa kuti ali ndi kwao.

Koma mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Pofika sabata yaciwiri ya Januwale onse anabwerera ku nchito zao, ana ku sukulu, nyumba inangoti zii. Nyengo imeneyi dzuwa kuno lituluka 8 koloko itapitirira, ndipo 16 koloko ikangodutsa mdima uyamba. Pamenepo ndinakumbukira buku limene linali pansi pa sutikesi, Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Ntara ndi kusindikizidwa mu 1933. Ndinaliwerenga koyamba ndiri mnyamata ku sukulu ya mishoni, pa nyali ya parafini. Ndinathira tiyi, ndinakhala pafupi ndi zenera, ndipo kwa maola atatu sindinalankhule ndi munthu.

Mwana wanga pobwera ku nchito anandipeza momwemo. "Atate, mwadwala kodi? Kapena takulakwirani? Ndiitane anzanu adzaceze nanu?"

"Iai mwananga," ndinatero, "lero ndiye ndayamba kupuma."

Funso lakelo linandiganizitsa. Kwathu munthu wokhala yekha phee timamukayikira: ngati sadwala ndiye kuti wakwiya, ngati sanakwiye ndiye kuti ndi wonyada. Kudabwa kumeneku sikunayambe ndi ife. Augustine Woyera, mwana wa kumpoto kwa Africa amene anafika ku Milan mu 384 ali mlendo monga ine, anasimba za mmene anapezera episkopi Ambrose akuwerenga ndi maso okha, milomo yosagwedezeka. Anthu ankalowa, nakhala pansi, nacoka osamusokoneza, podziwa kuti munthu wothodwa ndi nkhani za anthu ambiri anali ndi kanthawi kocepa kameneko kotsitsimutsa nzeru zake.

Taonani ng'ombe. Imadya msipu tsiku lonse, koma cimene cimainenepetsa ndi kubzikula itagona m'khola madzulo. Miyezi itatu ndinamva nkhani zambiri za anthu athu kuno: za ngongole, za maukwati ogwedezeka, za ana oiwala Cinyanja. Ndinangomeza. Ndi pamene ndinakhala cete ndi buku m'manja pomwe ndinayamba kumvetsa zimene anandiuza.

Usiku womwewo mwana wanga anaulula cimene cinali kumtima kwake. Anati iye aopa nyumba yopanda phokoso, cifukwa ndi pamene maganizo a kumudzi ndi a malemu amai ake amamufikira. Ndiye cifukwa cake tsiku lililonse lopuma amalidzaza ndi alendo ndi maulendo, nabwerera ku nchito ali wotopa kuposa mmene anacokerako. Ndiganiza kuti ambiri a ana athu okhala kunja ali otero.

Tsiku lake lopuma lotsatira tinakwera basi kupita ku laibulale yaikulu ya mzindawu, imene inatsegulidwa mu 1934. Ndi nyumba yozungulira ngati nkhokwe, ndipo ndi nkhokwedi. Anthu a ku Manchester anayamba kubwereka mabuku kwaulere mu 1852, ndipo mpaka lero wolowamo salipira kanthu. M'cipinda cacikulu cowerengeramo munali acinyamata ndi okalamba omwe, aliyense ndi buku lake, popanda wofunsa mnzake ngati wadwala. Mwana wanga anabwereka buku limodzi. Titafika kunyumba anawerenga masamba atatu okha, tulo tinamugwira pa mpando. Sindinamudzutse.

Inu makolo anzanga, muli ku Lusaka, ku Katete kapena kutsidya la nyanja, landirani alendo ndi manja awiri monga mwa mwambo wathu. Koma akapita, musathamangire kuitana ena. Patulani ola limodzi, zimitsani wailesi ya kanema, ikani foni patali. Ndipo mwana akatenga buku, isakhale nthawi imeneyo pamene tikumbukira kuti mcere watha m'nyumba. Mcerewo akagula akamaliza mutu umene akuwerenga.

Tsalani bwino mpaka mwezi wamawa.