Nyumba zaima pamsika: zimene wogulitsa ku Shimabala ayenera kudziwa

Aliyense woyenda pa msewu wa Lusaka kupita ku Kafue waona zikwangwani zogulitsa nyumba ndi mapuloti, zina zitafufuka ndi dzuwa. Mwa ogulitsawo muli anthu a m'mipingo yathu: opuma pa nchito amene afuna kubwerera kumudzi, amasiye, ndi makolo amene apanikizika ndi ndalama za sukulu kapena za kucipatala. Funso lawo ndi limodzi: n'cifukwa ciani ogula sakubwera, ndipo ticite ciani?

Coyamba tione kumene vuto lacokera. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko mu February caka cimeneco, cinakweza mtengo wa ufa ndi kucepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri. Pofika December 2024 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 16 pa 100 ndi kupitirira, poyerekeza ndi caka capita. Pofuna kuletsa kukwerako, Bank of Zambia inakweza ciwongoladzanja cake kufika pa 14.5 pa 100 mu February 2025, ndipo mabanki anali kukongoza pa ciwongoladzanja coposa 25 pa 100. Mphunzitsi kapena nesi sangatenge ngongole ya nyumba pa mtengo wotere. Otsala ndi ogula a ndalama m'manja. Iwowa ndi ocepa, ndipo sathamanga. Kuno kwathu palinso mpikisano wina: mafamu ambiri a m'mbali mwa msewu anadulidwa mapuloti, ndipo munthu amaona kuti kuli bwino kugula puloti ndi kumanga pang'onopang'ono kusiyana ndi kulipira nyumba yonse nthawi imodzi.

Pamsika wotere cimene cicedwetsa malonda ambiri ndi mapepala. Wogula wocenjera amayamba kukafufuza ku Unduna wa za Malo ngati dzina la pa title ndi la wogulitsayo, ndiponso ngati nyumbayo siinaikidwe cikole ku banki. Malo a title sasinthidwa dzina popanda cilolezo ca boma, monga mwa lamulo la malo la 1995, ndipo ngongole ya ground rent imaimitsa cilolezoco. Ngongole za ku khansolo ya Kafue, za madzi ndi za ZESCO nazonso zimabweza wogula m'mbuyo. Amene anagula puloti pa famu aonetsetse kuti kudula kwa malowo kunavomerezedwa ndipo nambala yake inatuluka. Amene ali pa malo a mfumu anene poyera kuti alibe title, pakuti kusintha malowo kukhala a title ya zaka 99 kumafuna cilolezo ca mfumu ndi ca khansolo, ndipo kumatenga nthawi. Kukonza zimenezi musanaike cikwangwani kumafupikitsa malonda ndi miyezi.

Caciwiri ndi msonkho. Kuyambira 1 January 2025 msonkho wosinthira dzina la malo unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 pa 100, ndipo wolipira ndi wogulitsa. Pa nyumba ya K600,000 msonkhowo ndi K48,000, pamene kale unali K30,000. Muonjezepo ndalama za loya ndi za ejenti, mudziwe zimene zidzatsala m'manja musanalonjeze munthu kanthu. Ena amalangiza kulemba mtengo wocepa pa pangano kuti msonkho ucepe. Limeneli ndi bodza, ndipo a ZRA ali ndi mphamvu yowerengera msonkho pa mtengo weniweni wa pamsika ngati aona kuti wolembedwawo watsika.

Cacitatu ndi mtengo. Ambiri a ife timaika mtengo powerenga matumba a simenti ndi thukuta la zaka zimene tinamanga. Wogula sawerenga zimenezo; iye amayerekeza ndi nyumba zina zimene zagulidwa pafupi, ndi ndalama ya pa toll gate ya Shimabala ngati agwira nchito ku Lusaka. Mtengo wokwera umagoneka nyumba pamsika, ndipo anthu amayamba kufunsa kuti ili ndi vuto lanji. Kulipira woyeza mitengo wovomerezeka kumathandiza, makamaka pamene abale sagwirizana. Ndalama yokonzera ipite pa zimene wogula wa lero amafunsa: madzi odalirika, denga losadontha, cimbudzi cabwino, malire oonekera, ndi sola ngati ilipo. Penti ndi kusesa pabwalo n'zochipa, koma kumanga cipinda cina kuti mtengo ukwere kawirikawiri sikubweza ndalama.

Tinenepo mosabisa za nyumba za masiye. Lamulo la 1989 la cuma ca womwalira wosasiya wilo limapatsa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana ufulu pa nyumba, ndipo wotsalayo angakhalemo moyo wake wonse pokhapo atakwatiwa kapena kukwatiranso. Woyang'anira cuma alibe mphamvu yogulitsa popanda cilolezo ca khoti. Malonda ocitika mseri angathe kufafanizidwa, wogula n'kutaya ndalama, banja n'kugawanika. Akulu a mpingo akamva nkhani yotere alangize banja kuonana ndi loya kapena a Legal Aid Board dzanja lisanasaine.

Pomaliza, cenjerani ndi cangu. Kufulumira sikudyetsa gwazo, ndipo wopanikizika ndiye amene akuba amamufuna. Funsani ejenti ngati analembetsa ku Zambia Institute of Estate Agents. Musapereke title yeniyeni kwa munthu ndalama zisanalowe, musaikenso nyumba cikole kwa akatapila podikira wogula. Ngati mwalola kulipidwa pang'onopang'ono, pangano lilembedwe ndi loya, masiku ndi ndalama zioneke, dzina lisinthidwe pamapeto. Ngakhale mneneri Yeremiya pogula munda ku Anatoti analemba kalata ndi kuitana mboni. Ndipo ngati vuto silili la lero lomwe, kuikamo wa lendi kwa caka kungakhale kwanzeru kuposa kutaya nyumba pa theka la mtengo wake.