MLENDO PA CAKUDYA CA ANTHU A KU KOREA

Mu mzinda wa Lusaka mukhala mitundu yambiri ya anthu, ndipo pakati pao pali kagulu kocepa ka anthu a ku Korea. Ena anabwera pa nchito ya mishoni, ena pa zamalonda, ndipo mabanja ena akhala ku mayadi monga ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Boma la Zambia linapangana ubale ndi North Korea mu 1969, ndi South Korea mu 1990, ndipo m'masitolo a mu Cairo Road katundu wa Samsung ndi LG si wacilendonso. Koma mnyamata wa ku Katete amene wapeza nchito yoyendetsa galimoto la banja lotere, kapena mtsikana wa ku Chelstone amene apemphera nao chalichi cimodzi, tsiku lina amaitanidwa kukadya nao madzulo, ndipo pamenepo mapangano a maboma sangamuthandize. Angathe kubwerako mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati wakondweretsa eni nyumba kapena wadziputira mlandu, pamene nchito yace kapena cibwenzi cace catsamira pa anthu omwewo.

Cobvuta si kusowa mwambo. Anthu a ku Korea alemekeza akulu monga momwe acitira Acewa, Ansenga ndi Angoni. Ciphunzitso ca Confucius, cimene ciika mwana pansi pa kholo ndi wamng'ono pansi pa wamkulu, cinazika mizu m'dziko lao pa nthawi ya mafumu a Joseon amene anayamba kulamulira mu 1392. Cimene cisokoneza ndi cakuti ulemu womwewo uonetsedwa ndi zizindikiro zosemphana, kotero kuti mlendo woleredwa bwino alakwa pa nthawi yeniyeni imene akuyesetsa kucita bwino.

Za pakhomo nzosabvuta. Nsapato zibvulidwa asanalowe, pakuti kwao nyumba zimatenthedwa kunsi kwace m'nyengo yozizira, ndipo anthu anazolowera kukhala, kudya ndi kugona pansi. Kulowa ndi nsapato kuli ngati kuponda pamphasa yogonapo. Mphatso iperekedwa ndi manja awiri, ndipo apa mwana wa kumudzi safuna mphunzitsi.

Cododometsa coyamba cibwera moni atangotha. Mwini nyumba angathe kufunsa mlendo zaka zace zakubadwa, ngakhale mlendoyo ali ndi imvi. Kumudzi funso lotere kwa munthu wamkulu ndi cipongwe. Koma cinenero ca ku Korea cisintha mau molingana ndi msinkhu wa amene ukulankhula naye, kupambana momwe Cinyanja cisiyanitsira "iwe" ndi "inu", ndipo kusiyana kwa caka cimodzi cokha nkokwanira kusintha kaitanidwe. Wofunsayo akufuna kudziwa mpando woyenera kumupatsa mnzace. Kale iwo anali kuwerenga khanda kuti liri ndi caka cimodzi pa tsiku lobadwa, ndi kuonjezera cina pa caka catsopano, kufikira mu June 2023 pamene boma la South Korea linalamula kuti pa zamalamulo zaka ziwerengedwe monga m'maiko ena. Funso lina limene lipusitsa ambiri ndi lakuti, "Kodi mwadya mpunga?" Ndi moni cabe, wonga "Mwacoma bwanji?", ndipo dziko limene linaona njala yoopsa pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953 liri ndi cifukwa cosungira moni wotere.

Pa thebulo mlendo apeza timbale tambirimbiri ta ndiwo pakati, tochedwa banchan, timene onse atapamo, ndipo munthu aliyense ali ndi kambale kace ka mpunga ndi ka msuzi. Mwini nyumba amapepesa kuti sanakonze zambiri, cikhalireco thebulo ladzaza. Kudzicepetsa kumeneku nkomweko kwa mai wa kumudzi amene aitana mlendo kuti akamweko madzi pamene wamuphera tambala. Koma pali alendo ena amene angolawalawa, kusunga malo m'mimba kudikira nsima imene sidzabwera. Mpungawo ndiyo nsima yao. Beseni losambira m'manja nalonso silizungulira, cifukwa adya ndi supuni ndi timitengo tiwiri tacitsulo. Wamkulu wa onse ndiye ayamba kunyamula supuni, monga momwe kumudzi wamkulu ayambira kusamba ndi kutema nsima.

Timitengo timeneti ndito tibweretsa colakwa cacikulu. Munthu wosazolowera, manja akatopa, amatizika ciriri mu mpunga kuti apumule. Nkhope za eni nyumba zimasintha nthawi yomweyo, pakuti mpunga wozikamo codyera uperekedwa kwa akufa pa nsembe ya makolo yochedwa jesa, imene mabanja ambiri acita pa tsiku lokumbukira womwalira. Pa cikondwerero ca Chuseok, mwezi wacisanu ndi citatu pa kawerengedwe kao kotsata mwezi, apereka kwa makolo zoyamba kucha za m'munda, zimene Mngoni aliyense wofika ku Mtenguleni pa Nc'wala angazimvetse popanda womasulira. Mlendo wozika timitengo wacita ngati munthu amene wathira ufa wa nsembe patsogolo pa apongozi ace ali moyo. Amene timitengo tamukanika apemphe foloko, kapena adye ndi supuni, palibe adzamuseka. Kambale ka mpunga kasiyidwa pa thebulo podya. Kukanyamula kufika nako kukamwa ndi kacitidwe ka ku China ndi ku Japan, ndipo akulu a ku Korea sakondwera nako, makamaka popeza sakonda kusokonezedwa ndi anansi aowo. Japan inalamulira dziko lao kucokera mu 1910 mpaka 1945, ndipo cilonda cimeneco sicinapole kwa onse.

Pa ndiwo zonse, imene iyesa mtima wa mlendo ndi kimchi. Ndi masamba ofanana ndi cayinizi wogulitsidwa pa msika wa Soweto, othiridwa mcere, tsabola, adyo ndi msuzi wa nsomba, ndi kusungidwa masiku ambiri kufikira atasasa. Mphuno ya munthu wa kuno ikamva fungo lace imanena kuti ndiwo zagona ndipo zaola. Si tero ai. Monga amai afutsa mfutso kuti banja lidye m'cilimwe, iwonso asunga masamba kuti adye m'cisanu cao coopsa, ndipo mwambo wao wokonzera pamodzi kimchi, wochedwa kimjang, unalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2013. Mai wa panyumba anyadira kimchi yace monga nchembere inyadira thobwa lace, ndipo kukwinya nkhope pamaso pace kumupweteka. Munthu amene amwa munkoyo wosasa nadya nsomba zouma alibe cifukwa coinyozera. Akayang'ana bwino pa thebulo lomwelo adzapezapo tinsomba touma tokazinga timene kusiyana kwace ndi kapenta wa ku Siavonga nkocepa.

Koma kusamvana kweni kweni kuli pa kukhuta. Mwana wa kumudzi anaphunzitsidwa zinthu ziwiri: kuti cakudya ca eni sicikanidwa, ndi kuti mlendo waulemu sapukuta mbale, koma asiyako nsima kuti ana apeze mkute ndi kuti eni adziwe kuti wakhuta. Mai wa ku Korea anaphunzitsidwa zina: kuti mlendo akakamizidwe kudya kwambiri, kuti kukana koyamba ndi manyazi cabe, ndi kuti mpunga, umene mlimi anaukhetsera thukuta, sutayidwa. Tsono mlendo akasiya mpunga m'kambale, mai aganiza kuti zophika zace sizinakome, nayamba kusanjika nyama pamwamba pa mpungawo ndi timitengo tace. Mlendo, poopa kukana, adya. Mai poona kuti wadya, aonjezera. Onse awiri akucita ulemu, ndipo onse awiri akubvutika. Njira yoturukira ndi kutenga mpunga wocepa poyamba, kuumaliza wonse, ndi kunena momveka kawiri kapena katatu kuti cakudya cakoma ndipo mimba yadzaza. Ndiwo za m'timbale ta pakati zingatsale popanda mlandu.

Nthawi zina wamkulu wa panyumba akulunga nyama yoocha m'tsamba la letesi, napereka pakamwa peni peni pa mlendo. Kuno wodyetsedwa pakamwa ndi khanda kapena wodwala, ndipo mwamuna wa ndevu zace angaone ngati acepsedwa. Kwa iwo ndi cizindikiro cakuti mlendoyo walandiridwa ngati mwana wa m'nyumba. Phukusilo lidyedwa lonse kamodzi, osati kulilumaluma.

Pa zakumwa napo pali msampha. Kumudzi mwini mowa ayamba kulawa cipanda pamaso pa onse kuti acotse cikaiko, ndipo m'tauni botolo litsegulidwa mlendo akuona, iye nadzithirira yekha. Kwa anthu a ku Korea munthu sadzithirira. Athirira mnzace, mnzaceyo namubwezera. Wodzithirira aoneka ngati akunena kuti eni nyumba samusamala. Wamng'ono alandira tambula ndi manja awiri, ndipo pakumwa atembenuzira nkhope kumbali kuti asamwe moyang'anizana ndi wamkulu. Mlendo woona ana a panyumba akucita tero angayese kuti akubisa kanthu, koma ndi manyazi omwe aja a mkamwini amene sadya pamaso pa apongozi. Mowa wao wochuka ndi soju, woyera ngati kacasu koma wocepa ukali. Mabanja ambiri a mishoni samwa konse, ndipo apereka tiyi wa barele m'malo mwa madzi. Tsabola akagwira mphuno, mlendo aturuke kukamina panja, pakuti kumina pa thebulo kuwanyansa kwambiri.

Safunsa anadya phula, anatero akale, ndipo eni nyumba ambiri amakondwa mlendo akafunsa. Kumbali yao naonso ali ndi ngongole ya kufotokoza, pakuti ndiwo akhala m'dziko la eni, ndipo sikoyenera kuweruza wanchito kapena mnansi pa mwambo umene sanauzidwe.

Tsiku lobwezera ulendo zinthu zimatembenuka. Munthu wa ku Korea akafika pa nyumba ya ku Kabwata imene isunga mwambo wa kumudzi, mai amagwada ndi beseni, naika nsima ndi nkhuku pa thebulo, ndipo banja lonse lituruka kumusiya adye momasuka, yekha kapena ndi bambo wa panyumba. Kwa munthu amene kwao kudyera pamodzi ndiko cibale, kusiyidwa cotero kuoneka ngati kusalidwa. Amayang'ana uku ndi uku kufuna supuni, nsima imuocha zala, ndipo nthutumba imene anamusungira monga mlendo wolemekezeka angathe kuikankhira pambali pa mbale, ana akusuzumira pa zenera.