Luciano Pavarotti, Mwana wa Wophika Buledi

Tikumbukireko Luciano Pavarotti, woimba wa ku Italy amene anabadwira mumzinda wa Modena mu 1935. Bambo ake ankaphika buledi, komanso ankaimba m'kwaya, ndipo mwanayu anatengera momwemo.

Pavarotti anali tenor, mwamuna wa mawu okwera m'zisudzo zoimba za opera. M'zisudzo zimenezi woimba sadalira maikolofoni. Mawu ake ayenera kupitirira gulu lonse la zoimbira mpaka kukafika kwa wokhala mpando wakumbuyo. Luso lotere limafuna thukuta. Anayamba kuphunzira kaimbidweka mu 1954, uku akuphunzitsa ana kusukulu, kenako akugulitsa inshuwalansi. Mwayi woimba m'chisudzo chachikulu, La bohème, unabwera mu 1961 ku Reggio Emilia. Zaka zonsezo anali akusula mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1972 ku Metropolitan Opera, ku New York, anakweza mawu mpaka pa noti yapamwamba ya C kasanu ndi kanayi m'nyimbo imodzi, holo yonse n'kuwomba m'manja osaleka. Mu 1990, pa mpikisano wa World Cup, anaimba ku Rome pamodzi ndi Plácido Domingo ndi José Carreras. Usiku umenewo opera inafika m'nyumba za okonda mpira amene anali asanaimvepo.

Anamwalira ndi khansa ya kapamba mu 2007. Inu achinyamata a m'makwaya, mphatso muli nayo. Ipatseni nthawi, ndipo pezani mphunzitsi woti akuwongolereni.