Khasu limagona pamaliro, nanga pamatenda?

Chaka cha mlimi wa ku Nsadzo chimayamba tsiku lofesa nazale ya fodya, cha mu Sepitembala, dzuwa likuswa mtengo. Kuchokera tsiku limenelo munthu sakhalanso mwini wa nthawi yake. Mbande zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo sizidziwa kuti lero ndi Lamulungu. Mvula ikangogwa yokwanira, kuwokera sikudikira mawa. Zikatero ntchito zimangopondana: kupalira, kuthira feteleza, kubandira, kuthena, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kenako kusankha masamba mpaka usiku ndi kuwala kwa foni. Uku chimanga chikufuna khasu, uku mtedza ndi soya zikumira m'udzu. Ambiri kuno amalima pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene fakitale yake ili mumzinda wa Tete, ndipo zipangizo amatenga pangongole yodzabweza pogulitsa. Munthu amene ngongole yake ili m'munda sagona tulo tokwanira, ndipo palibe angam'dzudzule.

M'nyengo imeneyi ndi m'mene mabenchi a m'tchalitchi amaonekera matabwa. Januwale ndi Febuluwale akafika, kwaya imachepa, amuna amasowa, mphakati umalephereka sabata ndi sabata mpaka anthu kuiwala kuti unkakumana tsiku liti. Ukamufunsa munthu, yankho lake ndi limodzi: "Ndatanganidwa, tidzaonana tikagulitsa." Sanena mwamwano. Amanena ali wotopa, manja akuda ndi utomoni wa fodya, ndipo ine ndimamukhulupirira.

Ndimamvanso malangizo amene alaliki ena amapereka pa wailesi: dzuka nthawi yakuti, khala pamalo achete ndi Baibulo ndi kope, ulembe zimene Mulungu wakuuza, kenako upite kuntchito. Ndi malangizo abwino kwa munthu amene amalowa ntchito 7:30 n'kuweruka 3:30. Koma mayi wa kuno amene amadzuka tambala woyamba, kupita kumjigo, kukoleza moto, kubereka mwana n'kutsatira mwamuna wake kumunda, akamva zimenezo amangodziona ngati Mkhristu wolephera. Iye sanalephere. Malangizowo ndi amene sanam'ganizire.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chimandiletsa kuvomereza kuti nthawi tilibe, ndipo chinthucho ndi maliro.

Uthenga ukangomveka kuti uje watisiya, mudzi wonse umaima. Kaya fodya wapsa m'munda, kaya mitambo yachita bii, palibe amene amanyamula khasu kupita kumunda kwake. Adzukulu amalawirira kumanda. Amayi amabwera ndi ufa m'timbale, ena nkhuni, ena madzi. Amuna amagona panja pasiwa, akwaya amachezera kuimba. Masiku awiri amatha, nthawi zina atatu, ndipo palibe amene amati wataya nthawi. Mwambo umenewu ndimaulemekeza ndi mtima wonse, ndipo ndikupempha kuti usadzathe. Koma taganizani za munthu yemwe tam'sunga ndi ulemu woterewu. Mwina anagona pamphasa milungu itatu. Munda wake unalowa thengo tikuona. Mkazi wake ankatunga madzi yekha, kuphika yekha, kum'tembenuza yekha usiku. Ena a ife tinkadutsa pakhomo pake m'mawa uliwonse, khasu paphewa, n'kungofuula tili panjira kuti, "Adzuka bwanji odwala?" osadikira n'komwe yankho lonse. Nthawi imene inasowa kuti tikhale naye pansi, tim'pempherere, tim'palirire mizere ingapo, inapezeka yonse tsiku limene sakanathanso kutimva.

Zikusonyeza kuti kuima timakudziwa. Chimene mudzi wagwirizana kuti n'chosaphonya, chimapeza malo ngakhale pakati pa dzinja. Tikudziwa tonse kuti wosapita kumaliro a anzake adzaona yekha tsiku lake, ndiye palibe amene amayerekeza. Ngakhale ulendo wa ku mwambo wa Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, umene umachitika kumapeto kwa Ogasiti, anthu amaukonzekera mwezi usanafike, kusunga ndalama ya galimoto yodzawolokera pa Cassacatiza ndi Chanida kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Pemphero la tsiku ndi tsiku ndi kuyendera wodwala zokha ndi zimene tinazisiya zopanda tsiku, kuti zizidya zotsala. Ndipo m'dzinja zotsala kulibe.

Lamulo la kupuma m'buku la Eksodo linaperekedwa kwa alimi ngati ife. Pa mutu 34 ndime 21, pamene likunena za tsiku lachisanu ndi chiwiri, limatchula nyengo ziwiri mwadala, ya kulima ndi ya kukolola, kuti ngakhale m'menemo munthu apume. Wopereka lamulolo ankadziwa kuti m'chilimwe aliyense angathe kupuma, ndipo kuti mayeso ali pamene munda ukuitana. Nayenso Yesu, pa chiyambi cha Uthenga Wabwino wa Maliko, tsiku limene anapita kwayekha kukapemphera kusanache linali lotsatana ndi madzulo amene mzinda wonse unamuunjikira odwala pakhomo. Anali wotopa, ndipo anthu ankam'funafunabe.

Sitiyenera kupita kutali kuti tipeze anthu amene anachita zimenezi m'nthawi yovuta kuposa yathu. Dziko lathu la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishonale ambiri anachoka. Mu 1977, pamsonkhano waukulu wa ku Beira, Akatolika a m'Mozambique anagwirizana kuti mpingo uime pa timagulu ta Akhristu a m'midzi, aliyense ndi udindo wake: wotsogolera mapemphero, wophunzitsa ana, woyendera odwala, woyang'anira maliro. Ku Lilongwe nakonso, m'zaka zomwezo za m'ma 1970, Episkopi Patrick Kalilombe ankalimbikitsa miphakati. Nkhondo itakula, ansembe sankatha kufika m'midzi yambiri ya chigawo cha Tete. Pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri a chipani cha Ajezuwiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, anaphedwa ku Chapotera m'boma la Angónia. Anthu ambiri a m'malire muno anathawira ku Zambia, ena mpaka kumsasa wa Ukwimi m'boma la Petauke, ena ku Malawi, kufikira mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zonsezo chikhulupiriro chinasungidwa ndi alimi wamba, amene ankasonkhanitsa anzawo pansi pa mtengo, kubatiza ana ndi kuika akufa, iwonso ali ndi njala ndi mantha. Abale athu a Igreja Reformada ali ndi mbiri yofanana yakale kuposa imeneyi: mishoni ya Mphatso ku Angónia itatsekedwa ndi Apwitikizi mu 1922, Akhristu ake anapitiriza kupemphera zaka zambiri popanda mmishonale pakati pawo. Agogo athu amenewa analibe nthawi yochuluka kuposa ife. Analibe njinga yamoto, analibe chigayo pafupi, ufa ankasinja pamtondo. Chimene anali nacho n'chakuti wina aliyense ankadziwa ntchito yake mumpingo ndi tsiku lake.

Ena amati, "Kulima nakonso ndi kupemphera, Mulungu akuona kuti ndikudyetsa ana." Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Kudyetsa banja ndi thukuta lako ndi utumiki weniweni. Koma ndaona kuti amene ntchito yake imasandukadi pemphero ndi uja amene ali ndi kanthawi kena kamene amaika khasu pansi. Benedict woyera wa ku Nursia, amene analemba malamulo a amonke m'zaka za m'ma 500, ankadziwa za kumunda. Analamula kuti m'bale amene akugwira ntchito kutali, woti sangafike kunyumba ya mapemphero pa nthawi yake, agwade pomwe alipo n'kupemphera pamenepo. Sanamuuze kuti asiye munda, komanso sanamuuze kuti munda walowa m'malo mwa pemphero.

Mlimi aliyense kuno amadziwa kuti mbewu sasankha nkhokwe itatha. Amapatula ngala zabwino pokolola, n'kuzipachika padenga la khitchini pamene utsi umazisunga, ndipo ngakhale njala ya Febuluwale ilume bwanji, za kubzala zinapatulidwa kale. Nthawi ya Mulungu imafuna kupatulidwa chomwecho, tsiku lisanayambe kudyedwa. Sikuti ikhale yaitali. Banja likhoza kuima pamodzi pakhomo, makasu ali m'manja, bambo kapena mayi n'kupereka tsikulo kwa Mulungu ndi kutchula dzina la wodwala wa m'mudzimo. Phala lisanazizire, zatha. Njira ya kumunda nayo ndi yaitali mokwanira kuti munthu apemphere kolona kapena alingalire ndime imene anamva Lamulungu. Ndipo pansi pa chigafa, pamene banja lonse limakhala maola ambiri likusoka fodya, manja ndi amene amatanganidwa, makutu ali pa ufulu. Mwana mmodzi wodziwa kuwerenga atha kutsegula Buku Lopatulika, limene takhala nalo m'chinenero chathu kuyambira 1922, kapena Buku Loyera la mu 1998, n'kuwerengera onse mutu umodzi. Foni imene imaimba nyimbo tsiku lonse ithanso kuwerenga Mawu.

Pano ndilankhule ndi amuna anzanga. Tikamati banja lilibe nthawi, kawirikawiri amene alibe nthawi ndi mayi. Tikaweruka kumunda tonse, ife timasamba n'kukakhala pabawo kapena pamsika, iwo n'kuyamba tsiku lachiwiri: nkhuni, madzi, ndiwo, ana. Komabe ndi iwo omwewo amene amasesa m'tchalitchi, kuphikira alendo a mpingo, kuchezera pamatenda. Bambo amene watenga njinga n'kukatunga zigubu ziwiri za madzi kuti mkazi wake apite kumsonkhano wa amayi kapena akaone mnzake wodwala, watumikira Mulungu tsiku limenelo, ngakhale sanaime kutsogolo kwa mpingo. Ndipo amuna odwala nawo amafuna amuna anzawo. Pali zimene bambo wogona pamphasa sangauze amayi a chigwirizano, zimene angauze mnzake wokhala naye pakhonde.

Atsogoleri a mipingo nawonso ali ndi gawo. Mapemphero oitanidwa 8 koloko n'kuyamba 10 koloko, zolengeza zotalika kuposa ulaliki, zopereka zitatu zinayi motsatizana, zonsezi m'mwezi umene fodya akupsa m'munda, zimathamangitsa anthu amene akanabwera. Mlimi akadziwa kuti mapemphero ayamba pa nthawi yake ndipo aweruka dzuwa lisanafike pamutu, amabwera. Misonkhano ikuluikulu, maphunziro ndi zomangamanga tiziike m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, anthu atagulitsa. M'dzinja mpingo uchepetse zoitanira anthu kutchalitchi, uchulukitse zopita kwa anthu. Ndikuganizanso za anyamata athu amene amatha milungu kumigodi ya golide ya m'boma lino la Chifunde. Kumeneko belu silimveka, ndipo ngati mpingo suwatsatira, palibe amene adzawakumbutse kuti sabata yatha.

Chimene ndikuchilakalaka kwambiri ndi kubwerera kwa dima. Makolo athu ankaitanizana kukalima munda wa mmodzi, mwini munda ataphika thobwa kapena mowa, mawa lake n'kupita kwa wina. Masiku ano zambiri zinasanduka ganyu, ndipo wopanda ndalama munda wake umangofa. Mphakati uliwonse, kapena dera lililonse la mkulu wa mpingo, ungathe kupatula m'mawa umodzi pa sabata, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litakwera pang'ono, kukapalira munda wa wodwala, wa mayi wamasiye kapena wa agogo olera adzukulu. Anthu khumi ndi makasu khumi amamaliza m'mawa umodzi zimene mayi mmodzi akanalimbana nazo sabata yathunthu. Mwini munda asaphike kanthu. Poyamba pemphero, potsiriza kulowa m'nyumba kukapereka moni kwa wodwala, aliyense n'kupita kumunda kwake tsiku likadalipo. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene wapalira lero ndi yemwe adzapaliridwe chaka chamawa malungo akadzam'gwetsa mu Januwale.

Ndikudziwa kuti m'mawa umodzi m'nyengo ya fodya ndi wodula. Ndi mizere ingapo imene idzachedwe, mwina masamba ena amene adzatsike giredi. Sindikulonjeza kuti Mulungu adzabweza ndi mabelo owonjezera. Sindikhulupirira chikhristu cha malonda chotero. Ndikungonena kuti masiku atatu a pamaliro timawapereka kale osawerengera, ndipo munthu wamoyo akupempha zochepa kuposa pamenepo.

Choncho, akulu a mpingo, akatekisiti, atsogoleri a miphakati ndi amayi a chigwirizano a kuno ku Nsadzo, musadikire kuti mvula iyambe. Lamulungu likubwerali, anthu asanabalalike, khalani pansi mutchule maina a odwala ndi okalamba a m'dera lanu, muone minda imene ilibe woilima, ndipo mugwirizane tsiku la dima. Mukatero, kadziwitseni anyakwawa kuti tsikulo lidziwike m'mudzi monse.