Kalata kwa achimwene ku Joni: za lole ija ndi kutentha kwake

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva. Mwati tichotse thermostat titaye kutchire, poti kuno n'kotentha ndipo kachitsuloka anakapangira a ku Japan kumene madzi amachita kuundana ndi chisanu. Lole ndi yanu, thukuta loigulira munakhetsa ndinu, koma pa ichi chokha mundilole ndikane. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumadula mawu ndisanamalize.

Dandaulo la adalaivala linali loti muvi wa geji ya kutentha ukumafika pofiira. Aliyense akamva zotere amathamangira kunena kuti injini yatentha, kuiwala kuti muviwo umangonena zimene wauzidwa. Pafupi ndi thermostat pali kasensa kamene nsonga yake imakhala m'madzi. Madzi akamatentha, kasensako kamalola magetsi ambiri kudutsa ndipo muvi umakwera. Waya wopita ku geji ndi mmodzi yekha, magetsi amabwerera kudzera m'chitsulo cha injini yomweyo. Njira imeneyi ikasokonekera paliponse, geji imanama, injini ili bwinobwino.

Ndinawafunsa adalaivala kuti muvi umakwera nthawi yanji. Anati makamaka madzulo, pochokera ku Lizulu, lole ili yopanda katundu. Zinandidabwitsa, chifukwa msewu wa M1 chigawo chimenecho madzulo kumakhala kamphepo koti munthu umafuna juzi. Ndinakwera nawo. Kutayamba mdima anayatsa nyali, ndipo nthawi yomweyo muvi unadumpha kuchoka pakati kukafika pafupi ndi pofiira. Atazimitsa unabwerera. Madzi onse a mu injini sangatenthe m'kamphindi kotero, achimwene, ngakhale mutawasonkhezera moto.

Amakaniko athu sanavutike nazo. Kiyi ili yoyatsa, anazula waya pa sensa, muvi unagwera pansi. Anagunditsa wayayo pa chitsulo cha injini kamphindi kochepa, muvi unathamangira kumapeto. Anati geji ndi yamoyo. Kenaka anakwawira kunsi n'kupeza waya wokhuthala wa ethi, wolumikiza injini ndi chasisi, utachita dzimbiri lobiriwira, bawuti yake ikugwedera. Magetsi a nyali ankavutika pobwerera ndipo geji ndiyo inkasokonezeka. Anapala ndi sandipepa, kumanga mwamphamvu, nyali zinasiya kuseweretsa muvi.

Nkhani ikanathera pomwepo mukanandiseka kuti ndakulemberani kalata chifukwa cha bawuti. Koma lole yathu inali ndi matenda awiri, ndipo bodza la geji linkaphimba lachiwirilo. Adalaivala anali atazolowera kunena kuti geji ija ndi yamisala, moti muvi ukakwera pa Khwekhwerere, pochokera ku Golomoti ndi matumba a chimanga, sankaulabadiranso. Kumeneko ndiye unkanena zoona. Tinakwera phirilo ndi amakaniko atanyamula kachipangizo koyezera kutentha kongoloza ndi kuwala kofiira. Titaima pakati pa chitunda anakaloza pa chivundikiro cha thermostat, kanawerenga kupitirira madigiri 100, ndipo kapayipi kotayira madzi kanali kakulavula.

Amakaniko anandiphunzitsa kusiyanitsa. Injini yotentha poima kapena pa mdipiti wa magalimoto m'tauni, koma n'kuzizira ikathamanga, kawirikawiri vuto limakhala mphepo: fani kapena lamba wake. Yotentha pa chitunda ili ndi katundu, madzi ndiwo sakuyenda mokwanira kapena lediyeta yalephera kutaya kutentha. Lamba wathu ndi wolimba, fani ikukoka bwino, pampu ya madzi sikudontha.

Lediyeta ndiyo inatiulula. Injini itazima ili yotentha, analoza kachipangizo kaja malo osiyanasiyana. M'mbali munali motentha, koma pakati panali chigawo chachikulu chozizira, kusonyeza kuti timapaipi ta pamenepo tinatsekeka. Itazirala anatsegula chitsekerero n'kundionetsa m'kati. Munali zoyera zolimba ngati zimene zimamatirira m'ketulo ya amayi, zosakanikirana ndi dzimbiri lofiira. Ndiwo madzi a pa mjigo ndi a m'mitsinje amene lole yakhala ikumwa chiigulireni, opanda coolant ngakhale dontho. Ena amati coolant ndi wa mayiko ozizira okha. Amaiwala kuti muli mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo dzimbiri silisankha dziko.

Chitsekerero chenichenicho nachonso chinali chitatha, mphira wake wong'aluka. Pamwamba pake palembedwa 0.9, kutanthauza mphamvu imene chimayenera kupanikiza madzi. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzi a mumphika amawira pa madigiri 95 kapena pafupi pamenepo, osati 100 ya m'mabuku a kusukulu. Chitsekerero chabwino chimachititsa kuti asawire mpaka atapitirira 110. Chathu chinkangowalola kuwira ndi kutayika pang'onopang'ono. Choopsa chake n'chakuti madzi akachepa kwambiri, nsonga ya sensa imatsala pa nthunzi, ndipo muvi ukhoza kutsika pamene injini ikupsa. Ndawauza adalaivala kuti muvi ukakwera kenaka n'kugwa wokha pa chitunda, asasangalale, aime.

Tsono thermostat yanuyo tinaimasula, chifukwa ndinadziwa kuti simukhutira. Palembedwa 82. Tinaimangirira ku kawaya n'kuiviika m'poto wa madzi pa mbaula. Madzi asanayambe kubwata inayamba kutseguka, atawira inatseguka yonse, titaitulutsa inadzitseka. Ilibe mlandu. Ndipo taonani chimene amakaniko ochotsa thermostat sanena: kunsi kwake kuli kambale kamene, ikatseguka, kamatseka njira yachidule yobwezera madzi mu injini. Mukaichotsa njirayo imakhala pululu, madzi ena otentha amangozungulira osapita ku lediyeta. Pa Khwekhwerere tikanawonjezera vuto. Ndiye ganiziraninso m'mawa wa mwezi wa June ku Bembeke, injini ikuyenda yosafunda ulendo wonse, dizilo osapsa bwino, utsi uli tolotolo, zitsulo zikudyana. Ndikudziwa kuti malole ambiri kuno akuyenda opanda thermostat. Eni ake ambiri anaichotsa pofuna kubisa lediyeta yotsekeka, ndipo m'galaja sachedwa kubwereramo.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi gasiketi ya hedi. Tinaliza injini m'mawa ili yozizira, chitsekerero chili chotsegula, n'kuyang'anitsitsa m'madzi. Simunatuluke thovu. Oyilo ndi wakuda bwino, alibe zoyera za madzi, ndipo ku ekizozi sikukutuluka utsi woyera. Tapulumuka, chifukwa kusikima hedi ndi kugula gasiketi kukanadya phindu lonse la nyengo ya kachewere.

Chitsekerero ndagula kale chatsopano, cha 0.9 yemweyo. Sensa sitinaisinthe. Amakaniko akuti ena amagula yosagwirizana ndi geji yawo, kapena kugulitsidwa yoyatsira nyali yochenjeza m'malo mwa ya muvi, n'kudzipangira bodza latsopano. Chatsala ndi lediyeta: aimasule, atsegule matanki ake, atokose timapaipi kamodzikamodzi. Tikapeza kuti tinadyeka n'kubooka, tifunika ina. Tikatero titsuka injini yonse n'kuthira coolant wosakaniza ndi madzi a m'botolo, aja othira m'batire. Adalaivala ndawalangizanso kuti ikadzawira panjira asatsegule chitsekerero ndi dzanja, ndipo asathire madzi ozizira mu injini yotentha, hedi ingang'aluke.

Pakadali pano ndaimitsa maulendo a ku Golomoti. Lole ikungotenga tomato ndi kabichi ku Lizulu kupita ku Lilongwe, katundu wochepa, m'mawa kusanatenthe. Ndalama ya lediyeta ndichotsa pa maulendo amenewa, musatumize. Chimene ndikupempha n'chakuti mukapeza wobwera pa basi mwezi uno, mumupatsire kachipangizo koyezera kaja, kumeneko kamapezeka m'masitolo a sipeya. Amayi akupereka moni, akuti bulangete lija linafika.

Ine mlongo wanu,
ku Dedza